Karate M'nyumba Nthawi ya Dzinja: Mafunso ndi Mayankho kwa a mu Blantyre

Mvula ya mu Blantyre imakonda kugwa masana ndi madzulo, nthawi yomwe ana aweruka kusukulu ndipo akuluakulu akuchoka kuntchito. Ndi nthawi yomweyonso imene ochita karate amakumana. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, amene amaphunzirira panja amataya masiku ambiri, ndipo ngakhale amene ali ndi holo amalephera kufikako. Awa ndi mafunso amene ophunzira ndi makolo amafunsa kawirikawiri.

Kodi munthu angachitedi karate m'chipinda chogona kapena pabalaza?

Angathe, bola adziwe zimene chipindacho chingamulole ndi zimene sichingamulole. Karate ili ndi mbali zitatu. Pali kihon, komwe ndi kubwereza chibakera, theche, kutchinga ndi kaimidwe, chimodzichimodzi. Pali kata, ndondomeko yoikika imene munthu amachita yekha ngati wazingidwa ndi adani. Ndiye pali kumite, kulimbana ndi mnzako. Kihon pafupifupi yonse imatheka m'nyumba, kata zina zimatheka, koma kumite yeniyeni ayi.

Karate sinabadwire m'holo. Ku Okinawa, chilumba cha kumwera kwa Japan kumene luso limeneli linakulira, aphunzitsi akale ankatenga ophunzira ochepa n'kumawaphunzitsira pabwalo la panyumba, nthawi zambiri usiku. Gichin Funakoshi, amene anabadwa mu 1868 ndipo anakaonetsa karate ku Tokyo mu 1922, anaphunzira motero kwa Anko Asato, akubwereza kata imodzi miyezi ndi miyezi. Bwalo la mamita 8 mbali zonse limene timaliona pa mipikisano, monga pa Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, linabwera pambuyo kwambiri. Choncho dzinja litengeni ngati nyengo yokonza maziko, zija timazithamangira tikakhala pagulu chifukwa maso ali pa mateche a m'mutu.

Ndili pa lendi, chipinda chimodzi. Malo ochepetsetsa ndi otani?

Mamita awiri mulitali, awiri mulifupi. Matiresi aimikeni kukhoma, ndowa ndi mbale zipite pakona. Kenako imani pakati, tambasulani mikono n'kuzungulira, ndipo mukweze mwendo pang'onopang'ono kutsogolo, kumbali ndi kumbuyo. Ngati simunakhudze kanthu, malowo akwana.

Ambiri amaiwala kuyang'ana kumwamba. Babu lolendewera, zingwe za neti ya udzudzu ndi chingwe choyanikapo zovala zimene zakanika kuuma panja, zonsezi zili m'njira ya age-uke, kutchinga kokweza mkono kuja. Pabalaza, chinthu choyamba kuchitalikira ndi kabati ya magalasi ya amayi yosungiramo mbale za alendo. Ikangosweka, karate yatha m'nyumba imeneyo, ndipo palibe a Sensei, aphunzitsi a karate, amene angakakupepesereni.

Pansi pathu ndi pa simenti yopolisha. Pali vuto?

Lalikulu ndithu. Pa zonse zimene zimavulaza anthu ochita karate m'nyumba, ine ndimaika pansi patsogolo.

Simenti yopakidwa polishi wofiira wa Cobra imaterera kale ngakhale kuli dzuwa. Dzinja imakoka chinyezi, ndipo mapazi a thukuta akapondapo mwamphamvu, munthu amangozindikira ali chagada. Matailosi ndiye oposa. Zenkutsu-dachi, kaimidwe kotalika kakutsogolo kaja, kamakankhira phazi lakutsogolo kutsogolo ndi lakumbuyo kumbuyo, ndiye phazi limodzi likatsetsereka miyendo imang'ambika ndipo mnofu wa m'mphechepeche umakokeka. Kuvulala kumeneko sikuchira msanga.

Malo abwino ndi simenti yosapolisha, youma, muli osavala nsapato. Ngati nyumba yonse ndi yopolisha, pemphani chigawo chimodzi chisapakidwe polishi mpaka mvula ithe, kapena muchikolope ndi sopo kuti mafuta ake achoke, n'kudikira chiume. Masokosi musavale. Mkeka kapena mphasa pamwamba pa polishi zimayenda nanu limodzi, komanso zala zimakodwa m'mphepete mwake. Makatoni nawo ndi chimodzimodzi. Nsapato zopyapyala za mphira zingathandize pamene pali pozizira kwambiri, koma zili ndi msampha wake: zimagwira pansi mopitirira, ndiye pomenya mawashi-geri, theche lozungulira lochokera m'mbali, phazi lopondera limakana kuzungulira, thupi n'kuzungulira lokha. Chimene chimalipira ndi bondo.

Ikani chiguduli pakhomo ndipo muzipukuta pansi nthawi ndi nthawi. Ngati denga likudontha ndipo mwatchera beseni, dziwani kuti madontho amathovukira kutali kuposa mmene mukuonera. Kumayambiriro kwa dzinja palinso ngumbi: mukayatsa getsi zenera lili lotsekula, m'kamphindi pansi ponse pali mapiko. Sesani kaye, karate pambuyo.

Simenti siibweza, choncho zodumphadumpha zichepe. Mateche ouluka adikire kapinga.

Ndi kata ziti zimene zimakwana m'malo ochepa?

Kwa a Shotokan, umodzi mwa mitundu ya karate, yankho ndi Tekki Shodan. Ili ndi mayendedwe 29, ndipo onse amachitikira pamzere umodzi, kupita kumanja ndi kumanzere, munthu ali pa kiba-dachi, kaimidwe kotangadza miyendo ngati wakwera kavalo. Kolido yopita kuzipinda kapena mpata wa pakati pa bedi ndi khoma zimakwana, bola zigongono zisagunde khoma. Ku Okinawa kata imeneyi imatchedwa Naihanchi, ndipo Anko Itosu asanakonze kata za Pinan zophunzitsira ana asukulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ophunzira ambiri ankayambira pa imeneyi. Choki Motobu, amene anatchuka ndi kumenya kwenikweni osati kongoonetsa, ankaidalira kwambiri.

Ophunzira athu ambiri saikonda, amati ndi yosasangalatsa, ilibe theche looneka bwino pa foni. Komatu ndi imene imaulula munthu. Chitani Tekki mutayang'ana pagalasi kapena pa chithunzithunzi chanu pakhoma, muone ngati mutu sukukwera ndi kutsika podutsitsa mwendo, ngati maondo sakugwera mkati manja akamagwira ntchito, ndiponso ngati chiuno chikupereka mphamvu miyendo isanasunthe. Amene wachita zimenezi dzinja lonse amaoneka akabwerera pagulu, ngakhale asananene.

A Goju-ryu, mtundu umene anayambitsa Chojun Miyagi, ali ndi mwayi woposa. Sanchin ndi Tensho zili ndi masitepe ochepa komanso afupiafupi, ndipo ntchito yaikulu ili pa kupuma ndi kumanga thupi. Chenjezo lake ndi lakuti Sanchin ya mphamvu zonse, yofinya minofu ndi mpweya, si yabwino kwa amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Iwowa aichite mofewa, ndipo afunse kaye kuchipatala.

Nanga ine wa lamba woyera, amene ndikudziwa Heian Shodan yokha?

Heian Shodan ili ndi mayendedwe 21 ndipo imafuna malo, chifukwa pakati pake mumayenda masitepe atatu kutsogolo kenako atatu kubwerera. M'chipinda simungakwane. Pali njira zingapo zoizembera.

Yoyamba ndi kusinthanitsa miyendo pamalo amodzi: m'malo moponda kutsogolo, kokerani phazi lakutsogolo kumbuyo kuti likumane ndi linzake, kenako lakumbuyolo lipite kutsogolo. Manja achite monga mwa nthawi zonse. Ina ndi kuidula kata m'zigawo, lero kutembenuka kwakukulu kwa pambuyo pa kiai (kukuwa kwa pomenya) yoyamba kokha, kakhumi kapena kupitirira, chifukwa ndi pamene ambiri amadzandira pa mayeso. Mukhozanso kuichita chobwerera mbali, kuyambira kumanja m'malo mwa kumanzere. Mudzadabwa kuti kata imene mumati mukuidziwa, ndi miyendo yokha imene inailoweza.

Kusinthanitsa miyendoku kusakhale chizolowezi. Tsiku limene kwacha bwino, tulukani mukaichite yonse pa mzere wake.

Ndikhale ndi ndondomeko yotani? Ndikakhala ndekha ndimangozungulirazungulira.

Mphindi 30 kapena 40 zimakwana. Khumi zoyamba zikhale zotenthetsa thupi: kuthamanga pamalo amodzi, kuzunguza mapewa, chiuno, maondo ndi akakolo, mpaka thukuta liyambe. Kenako kihon osasuntha. Khalani pa kiba-dachi mumenye zibakera zolunjika mukuwerenga m'Chijapani ichi, ni, san mpaka ju (khumi), maso pa dzanja lobwerera kuchiuno, hikite, osati lomenyalo. Sinthani mukhale pa zenkutsu-dachi mumenye gyaku-zuki, chibakera cha dzanja la mbali ya mwendo wakumbuyo, mbali zonse. Onjezani gedan-barai, age-uke ndi soto-uke, kutchinga kulikonse kutsatidwe ndi chibakera.

Ndiye kaimidwe. A Shotokan amaphunzitsa kuti pa zenkutsu-dachi mwendo wakutsogolo usenze magawo 60 pa 100 a kulemera kwa thupi, ndipo pa kokutsu-dachi, kaimidwe kotsamira kumbuyo, wakumbuyo usenze 70. Sinthanisinthani pakati pa ziwirizi mapazi ali pomwepo, mumve kulemera kukusamuka. Tsirizani ndi kata, kudziwongola, ndi mokuso ya mphindi ziwiri mutakhala chete.

Lembani ndondomekoyi papepala musanayambe. Munthu wopanda pepala amachita zimene amazikonda kale, zomwenso amazitha kale. Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiye masiku asanu otere mwafikapo.

Mateche ndiwasiye mpaka Epulo?

Ayi, achiteni pang'onopang'ono. Gwirani khoma kapena mpando, kwezani bondo, tambasulani mwendo mukuwerenga mpaka faifi, uimitseni, ubwezeni bondo lili m'mwamba, kenako pondani. Mae-geri (theche lakutsogolo) khumi, yoko-geri (lam'mbali) khumi, mwendo uliwonse. Zimawawa kuposa mateche 100 othamanga, ndipo ndi zimene zimachotsa chizolowezi chogwetsa mwendo ngati wathyoka. Ikani mpando wawung'ono kapena ndowa yopanda madzi patsogolo panu kuti theche lidutse pamwamba pake. Bondo likakhala lotsika, ndowayo ikuuzani.

Kukamagwa mvula mbaula timailowetsa m'nyumba. Ndingachite karate pomwepo?

Musayerekeze. Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amene akuchita karate amapuma mwakuya komanso mofulumira, ndiye amaukoka wambiri kuposa amene wangokhala. Zizindikiro zake, mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndi zomwezo zimene wophunzira amaziyesa kutopa n'kumadzilimbitsa mtima kuti apitirize. Mukamva zotere mbaula ili pafupi, tulukani nonse, tsekulani zitseko ndi mazenera, ndipo amene wasokonezeka mutu kapena wakomoka apite kuchipatala msanga.

Palinso zoonekeratu: mphika wa nyemba uli pamoto, mwana akukwawa, inu mukubwerera m'mbuyo osayang'ana. Dikirani kuphika kuthe, mbaula ituluke, mphepo ipite m'nyumba.

Pakhonde bwanji? Pali mpweya wabwino komanso sindinyowa.

Pa mvula yamvumbi, yopanda mabingu, khonde ndi malo abwino ngati pansi pali pouma. Kukachita ziphaliwali, lowani m'nyumba. Khonde ndi lotsekula m'mbali ndipo siliteteza ku mphenzi. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka mumve kugunda: masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Koma bingu lililonse limene mwalimva likutanthauza kuti muli pafupi mokwanira, ndipo malangizo a akatswiri ndi kudikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza musanatulukenso. Ngakhale m'nyumbamo, nthawi imeneyo si yogona pa simenti kuchita zolimbitsa mimba kapena kutsamira khoma, mawaya ndi mipope.

Pali nkhani imene ochita karate amakonda kuuzana, yoti Funakoshi ali mnyamata anakwera padenga mkati mwa namondwe, n'kuima kiba-dachi atanyamula mphasa ya tatami kuti alimbane ndi mphepo. Anyamata akaimva maso amawala. Denga lanu ndi la malata, lili m'munsi mwa phiri la Ndirande, ndipo mphenzi sidziwa lamba wakuda.

Ndingamange chiguduli pakhoma kuti ndizimenya ngati makiwara?

Ayi, pa zifukwa ziwiri. Makiwara yeniyeni ndi thabwa lozikidwa pansi, lopyapyala kumtunda, lokulungidwa chingwe kapena chikopa. Ukalimenya limagonja pang'ono n'kubwerera. Khoma siligonja, ndiye mphamvu yonse imabwerera m'mfundo za zala, m'dzanja ndi m'chigongono.

Chachiwiri ndi khomalo. Nyumba zambiri m'makwalala mwathu, ku Ndirande, Bangwe, Mbayani, Chirimba, zinamangidwa ndi zidina, kapena njerwa zootcha koma zomangira dothi. Makoma oterewa akamwa madzi masabata angapo amafooka kuyambira pansi. Tonse tikukumbuka Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anagwetsa mvula masiku otsatizana, matope ndi miyala n'kutsetsereka kuchoka m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Mukaona mng'alu watsopano, khoma lonyowa mpaka m'chiuno, kapena chitseko chimene chayamba kukana kutsekeka, nkhani si ya karate. Uzani alandilodi, ndipo mvula ikakula kagoneni kwina.

Mukafuna chomenya, wina akugwirireni pilo wopindidwa pawiri, kapena lendeweretsani pepala la nyuzipepala pachingwe muzilimenya kuti lilire osalikankha.

Ndilibe ndalama zogulira zipangizo. Pali zimene ndingapange ndekha?

Anthu a ku Okinawa nawonso sankagula m'sitolo. Chi-ishi ndi mwala kapena simenti yokhala kumapeto kwa ndodo, ndipo nigiri-game ndi mitsuko imene ankaigwira kukamwa ndi zala n'kumayenda nayo. Chi-ishi mungaipange ndi chitini chaching'ono cha penti, simenti pang'ono ndi mpini wa khasu wokhomedwa misomali kumapeto kuti ugwire. Yambani ndi yopepuka, chifukwa imalemera kwambiri ikakhala kumapeto kwa mpini kuposa mmene imaonekera.

Chigubu cha malita 5 chodzaza madzi chimalemera pafupifupi makilogalamu 5. Ziwiri, china uku china uku, mukutsika ndi kukwera pa kiba-dachi, ntchafu zimva. Tsekani bwino, paja tanena za pansi ponyowa.

Koma chipangizo chimene ndimachikonda ndi chubu chakutha cha njinga. Okonza njinga za kabaza amakhala nazo zambiri. Mangani mbali imodzi pa chinthu cholimba, ina muigwire m'dzanja, mumenye gyaku-zuki. Chubu chimakukokerani m'mbuyo, ndiye ngati chidendene chadzuka kapena chiuno chatsalira, mudziwa pompo. Chiyang'aneni kaye ngati chili ndi ming'alu, ndipo chikhale kumbuyo kwanu osati moyang'anana ndi nkhope.

Aneba akudandaula ndi kiai.

Ali ndi chifukwa. Pa mdadada wa nyumba za lendi khoma ndi limodzi, ndipo kuseriko kungakhale khanda kapena munthu wogwira ntchito usiku. Tulutsani mpweya mwamphamvu kuchokera m'mimba popanda mawu, kumanga kwa thupi kumakhala komweko. Kupondetsa phazi kwa mu Tekki nako kufewetseni. Koma mvula ikafika pa malata mwa mkokomo uja woti simumvana ndi munthu ali pambali panu, kuwani mmene mungathere.

Magetsi akazima?

Dzinja zimachitika. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi osefukira amabweretsa zinyalala ndi matope kumakina. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka.

Kandulo ndi karate siziyendera limodzi, mkono wa gi, yunifomu ya karate, ndi wotakata. Ikani tochi kapena foni pansi pakona iwalire kukhoma. Chithunzithunzi chanu chimakula, ndipo phewa lokwera kapena mutu wopendekeka zimaoneka bwino kuposa pagalasi. Mumdima weniweni chitani zosasuntha zokha.

Gi yanga siuma ndipo yayamba kununkha chuku.

Nsalu ya gi ndi ya thonje lokhuthala, yotengera ku zovala za judo, ndipo dzinja imatha masiku awiri pachingwe. Kunyumba simukufunika gi. Kabudula ndi malaya opepuka zakwana, gi isungireni tsiku la gulu.

Mukaichapa, ifinyeni kwambiri, muiyanike pachingwe pamalo opita mphepo, osati pa udzu kapena pansi. Kenako isiteni ndi nsimbi yotentha mbali zonse, makamaka m'misoko ndi m'khosi. Si za udolo ayi. Pali ntchentche imene imaikira mazira pa zovala zonyowa, timphutsi take n'kulowa pakhungu kupanga chithupsa chowawa, ndipo kutentha kwa nsimbi ndi kumene kumapha mazirawo. Gi yachinyezi yobwerekana imafalitsanso chipere. Kwa a mphumu, chuku cha pa zovala ndi pa makoma chimautsa chifuwa, choncho mankhwala opopera akhale pafupi.

Popita ku gulu, gi ikhale m'jumbo, mukavalire komweko. Dothi la katondo likagwira nsalu yoyera silimva sopo. Za mwambo woti lamba sachapidwa, ine sindiutsatira dzinja. Lamba wonunkha chuku salemekeza aliyense.

Ine ndi achimwene anga tonse timachita karate. Sitingachite kumite pabalaza?

Kumite yomasuka ayi. Imafuna malo othawira, ndipo pabalaza kumbuyo kwanu kuli kona ya tebulo, zenera kapena sitepe. Abale akamenyana pakhomo popanda mphunzitsi, chibakera chimodzi cholowa mwangozi chimabwezedwa, chachitatu sichikhalanso karate.

Chitani zogwirizana. Imani moyang'anana osasuntha mapazi, wina anene kumene amenye, kumutu kapena pamimba, amenye pang'onopang'ono, winayo atchinge n'kubweza osakhudza. Liwiro likwere pokhapokha nonse mwavomera. A Goju-ryu ali ndi kakie, kukankhana mikono itagundana m'mapindiko a dzanja, komwe kumaphunzitsa kumva kumene mphamvu ya mnzako ikulowera. Kumafuna malo ochepa kwambiri ndipo kumatopetsa mapewa modabwitsa.

Ndine kholo. Mwana wanga akumenya mateche m'nyumba monse mvula ikamutsekera. Ndimuletse?

Kumuletsa kokha sikuthandiza, mphamvuzo zituluka ndithu. WHO imati ana a zaka 5 mpaka 17 amafunika pafupifupi mphindi 60 patsiku akuchita zolimbitsa thupi. Mupatseni malo ndi nthawi: pakona apa, kuyambira nthawi yakuti, ukatha ubweze mipando. Muuzeni akuonetseni kata imene akuphunzira ndipo akuphunzitseni kuwerenga m'Chijapani. Ana amalimbikira akakhala aphunzitsi. Ayambe ndi kutsiriza ndi kuwerama, monga amachitira kwa a Sensei, kuti adziwe kuti karate ili ndi poyambira ndi pothera, si yomenyera mng'ono wake pa nkhani ya rimoti.

Zimene musalole ndi izi: kumenya khoma, matabwa kapena njerwa, ndiponso kudzikankha pansi ndi zibakera pa simenti. Mafupa a m'manja mwa mwana akukulabe. Zambiri zimene amaona m'mafilimu ndi zokonzedwa, zina mwa izo si karate n'komwe.

Ndingaphunzire kata yatsopano pa YouTube?

Mungaloweze ndondomeko yake, koma samalani ndi mtundu. Shotokan, Shito-ryu, Wado-ryu, Goju-ryu ndi Kyokushin zimasiyana kaimidwe, kutalika kwa masitepe, ngakhalenso mayina. Chitsanzo chimene chimasokoneza ambiri: kata imene a Shotokan amaitcha Heian Shodan ndi imene a Shito-ryu ndi Wado-ryu amaitcha Pinan Nidan, chifukwa Funakoshi anasinthanitsa ziwiri zoyambazo. Mwana akhoza kutha bandulo yonse akuloweza kata yolakwika. Funsani a Sensei kanema amene akugwirizana ndi zimene amaphunzitsa, mumusunge m'foni.

Ntchito yabwino ya foni ndi kudzijambula nokha. Itsamizeni pazenera, chitani kata, kenako onerani. Poyamba zimakhumudwitsa, munthu amadziona ataima tsonga pamene ankaganiza kuti watsika kwambiri. Tumizani kanemayo kwa a Sensei pa WhatsApp ngati avomera, ndipo musankhe cholakwika chimodzi chokha chokonza sabata imeneyo.

Amene sanaphunzirepo karate n'komwe asayambire pa foni. Bondo lopindika molakwika silimva kuwawa tsiku loyamba, limadikira miyezi.

Kodi si ulesi kujomba ku gulu chifukwa cha mvula?

Zimatengera mvula yake. Yowaza, tengani ambulera muzipita, walira mvula walira matope. Koma ngati njira yanu imadutsa Mudi, Nasolo, Naperi kapena Likhubula pa kamlatho ka matabwa kapena podumpha miyala, ndipo kumtunda kwagwa mvula yamphamvu, khalani kunyumba. Mitsinje ya mu mzinda uno imachokera m'mapiri apafupi, imadzaza mofulumira, ndipo madzi othamanga ongopitirira akakolo angathe kugwetsa munthu wamkulu. Ngalande zosavundikira nazo sizioneka msewu ukasefukira. Ganiziraninso za pobwerera, kutada.

Aphunzitsi athandize pamenepa. Nthambi yoona za nyengo ikachenjeza pa wailesi za mvula yamphamvu, lengezani msanga kuti lero kulibe, ndipo mupereke ntchito yochita kunyumba. Mwana amene amaopa a Sensei kuposa mtsinje ndi amene amawoloka.

Kumene mukukumanako, aliyense abwere ndi botolo lake la madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 unachititsa kuti sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zichedwe kutsekulidwa mu Januwale 2023, ndipo kapu imodzi yomwera gulu lonse pa ndowa ndi chizolowezi choyenera kutha.

Ndaterereka ndipo ndabinya kakolo. Ndichite chiyani?

Lekani pomwepo. Khalani pansi, mwendo ukhale pamwamba pa pilo, ikanipo nsalu yonyowa ndi madzi ozizira, kapena ayezi wokulunga m'nsalu ngati alipo, ndipo mumange bandeji mosafinya kwambiri. Musathowe ndi madzi otentha tsiku loyamba, kutupa kumakula. Musalolenso munthu akukokeni phazi kuti "libwerere m'malo". Ngati simukutha kuponda masitepe angapo, fupa likuwawa mukalikhudza, kapena phazi lapindika, pitani kuchipatala cha m'dera lanu, iwo akaona kuti pakufunika kujambula akutumizani ku Gulupu.

Kumenyetsa mutu pa simenti ndi nkhani ina. Kusanza, kusokonezeka, kugona kosadzutsika bwino kapena mutu wokulirakulira, zimenezo si zodikira kuti kuche. Ndipo ngati thupi likuphwanya ndi kutentha, musati ndi kiba-dachi ya dzulo. Dzinja ndi nyengo ya malungo, kayezetseni.

Mvula ikatha mu Epulo ndiye kuti nkhani yatha?

Mu Blantyre ayi. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu yozizira yochokera kumwera chakummawa, mbali ya Mozambique, komwe kumatha masiku angapo dzuwa osaoneka, makamaka ku Limbe, Bangwe ndi madera ena okwera. Mabingu sakhalapo kwenikweni ndipo mitsinje sidzaza, choncho ku gulu mukhoza kupita. Chimene chimasintha ndi kuzizira: simenti imaluma mapazi, minofu imachedwa kumasuka, ndipo mbaula imabwereranso m'nyumba kuti anthu aothe. Onjezani nthawi yotenthetsa thupi ifike mphindi 15, yambani mutavala juzi n'kuivula thukuta likayamba, ndipo kudziwongola kwakukulu kukhale kumapeto, thupi litatentha.